KUONA NDI KUPENYA: Ulendo wa ku Gologota pa Thabwa la Bruegel

Ife a m'chigwa cha Domasi sitifuna mphunzitsi wotiuza za kumwamba. Mwezi wa Novembala ukafika, mayi amene wayanika ufa wake pamphasa amangokweza maso kuyang'ana ku phiri la Malosa. Akaona mtambo wakuda utakhala pamwamba pa phirilo, ndi kamphepo kozizira katayamba kugwedeza masamba a mango, iye amayanula ufawo dontho lisanagwe ndi limodzi lomwe. Pamtambopo sipanalembedwe mawu, komatu mayiyo wawerenga, ndipo wawerenga bwino. Mwezi uno, owerenga athu okondedwa, tifuna kuti luso lomweli tilitengere pa chithunzi china chakale cha ku Ulaya, pakuti nachonso chili ndi mtambo wake wakuda, ndipo munthu wosadziwa kuwerenga mtambo sangachimve.

Mwini chithunzicho ndi Pieter Bruegel, amene amatchedwa Wamkulu pomusiyanitsa ndi mwana wake wa dzina lomwelo. Anachijambula mu 1564 ndi utoto wa mafuta pa matabwa a mtengo wa thundu, ndipo kukula kwake ndi masentimita 170 m'litali ndi 124 mumsinkhu, ngati bolodi laling'ono la m'kalasi. Lero chimasungidwa mumzinda wa Vienna, ku Austria, m'nyumba ya zaluso yotchedwa Kunsthistorisches Museum. Nkhani yake ndi ya Ambuye wathu Yesu atasenza mtanda pa ulendo wa ku Gologota. Achinyamata amene muli ndi mafoni mungathe kuchipeza pa intaneti polemba dzina la mmisiriyo pamodzi ndi mawu akuti Procession to Calvary. Chipezeni, muchikuze, ndipo muitane makolo anu kuti muonere limodzi, chifukwa zimene tilembe pano zikoma chithunzicho chili pamaso.

Bruegel anakhala ndi moyo m'nyengo imene Azungu amaitcha Renaissance, ndiko kunena kuti kubadwanso, pamene amisiri a ku Ulaya anayamba kuyang'anitsitsa thupi la munthu, kuwala kwa dzuwa ndi maonekedwe a dziko, nafuna kuzijambula monga momwe maso amazionera. Kale lomwe, wojambula nkhani ya m'Baibulo ankaika oyera mtima patsogolo, akuluakulu, ndipo kumbuyo kwawo kawirikawiri ankangopakako golide. Koma ku Antwerp, mzinda wa malonda umene lero uli m'dziko la Belgium, kunali mmisiri wina dzina lake Joachim Patinir, amene anamwalira mu 1524. Ameneyu anatembenuza zinthu. Dziko analikuza, anthu nawachepetsa, kotero kuti Yosefe ndi Mariya pothawira ku Igupto amaoneka ngati timbalame pakati pa matanthwe, mitsinje ndi minda. Bruegel analowa m'bungwe la amisiri a ku Antwerp mu 1551, natenga njira yomweyo. Pambuyo pake anapita ku Italy, nadutsa mapiri aatali a Alps, ndipo pobwerako matanthwe a kumeneko anabwera nawo m'mutu, nayamba kuwadzala m'zithunzi za dziko lakwawo, limene mbali yake yaikulu ndi lathyathyathya ngati dambo la Chilwa.

Amisiri amenewa anali ndi chizolowezi cha mitundu itatu poonetsa kutalika kwa dziko: pafupi ankapaka mtundu wa dothi, pakati wobiriwira, ndipo kutali wabuluu wotuwa. Musaganize kuti ichi ndi chinsinsi cha Azungu. Kwerani pang'ono m'phiri kumtunda kwa Mishoni ya Domasi, imene Mbusa Alexander Hetherwick anaitsegula mu 1884, ndipo mutembenukire kum'mawa tsiku la dzinja mvula itangoleka. Pamapazi panu pali katondo wofiira, patsogolo pali minda ndi madimba otsata mtsinje wa Domasi, ndipo kutali uko mapiri a Chikala aima otuwa ngati utsi. Patinir anangovomereza zimene Mlengi anaika kale mumlengalenga.

Tsono tiyeni tilowe m'chithunzimo. Kumanzere, kutali, kuli mzinda wa malinga, ndiwo Yerusalemu, ukuwala padzuwa. Kuchokera kumeneko kwatuluka chikhamu cha anthu, chikuzungulira thanthwe lalitali, ndipo chikukwera chitunda kulinga kudzanja lamanja, kumene kuli Gologota. Amene anadekha ndi kuwerenga amati pa thabwa limeneli pali anthu oposa 500. Alipo okwera pa akavalo, alipo oyenda pansi, alipo alimi amene asenza katundu wa kumsika, alipo ana amene akulumpha zithaphwi ndi kulandana zipewa. Wamalonda wina wakhala pansi, mtolo wake uli kumsana, watifulatira, akungoonerera. Funso loyamba la munthu aliyense woona chithunzichi ndi lakuti: nanga Ambuye ali pati? Ambiri amatha mphindi zingapo akusakasaka, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Ali pakati penipeni pa thabwalo, wamng'ono ngati ena onse, atavala mkanjo wotuwa, atagwa pansi pa mtanda. Ndipo mwa anthu onse aja, ndi owerengeka okha amene atembenuza khosi kuyang'ana kumene Iye ali.

Mmisiri amene anatha kujambula chipewa cha mwana ndi chingwe cha kavalo sakanalephera kukuza Yesu. Anamchepetsa dala. Zithunzi zambiri za m'mabuku a Sande Sukulu zimaika kuwala kozungulira mutu wa Ambuye, ndi chovala choyera choposa cha onse, kuti mwana amzindikire msanga. Ndipo potero zimatipatsa chitonthozo chobisika, chakuti tikanakhalapo ife tsiku lija, tikanamdziwa. Bruegel atilanda chitonthozo chimenecho. Mphindi zija tinataya posakasaka, maso athu anayamba athamangira malaya ofiira, akavalo onenepa ndi masewera a ana, ndiko kuti anachita zomwezo zimene akuchita maso a khamulo. Yesaya 53 ananeneratu za Mtumiki wopanda maonekedwe okopa maso, ndipo Luka 23:48 amafotokoza za makamu amene anasonkhana pamalopo ngati anthu odzaonerera chinthu. Mmisiri sanalembe mavesi amenewa pathabwa. Wangotichititsa kuti tiwakwaniritse tokha ndi maso athu.

Koma chimene anthu sakuchiona, kumwamba kwachiona, ndipo apa ndi pamene mayi wathu wa ufa uja atiposa tonse. Yambani kumanzere. Thambo ndi loyera, mitengo yaphuka masamba anthete, udzu ndi wobiriwira, monga m'mawa wa tsiku la msika. Yendetsani maso pang'onopang'ono kutsata khamulo. Udzu uyamba kuchepa, nthaka ikhala yopondekapondeka, mitengo itha, ndipo kumwamba kuyamba kuda, kufikira pamwamba pa Gologota pamene mtambo wabii waunjikana, akhwangwala akuuluka pansi pake. Alembi a Uthenga Wabwino amatiuza kuti mdima unagwa padziko kwa maola atatu kuyambira dzuwa lili paliwombo. Bruegel sanajambule mdimawo utagwa, anaujambula ukubwera. Ndicho chifukwa chake chithunzichi chimasautsa munthu ngakhale asanapeze mtanda. Chimene tikuchitcha mtima wa chithunzi, ndiye kuti chija chimakugwira usanamvetse kanthu kalikonse, sichikhala pankhope za anthu pokha ayi. Pano chili m'kusamvana kwa zinthu ziwiri: pansi anthu akuyenda mokondwa ngati opita ku mpira, pamene kumwamba kwakwinya kale nkhope.

Mukatha kumva mtima wa chithunzi, ndi pamene muyenera kufunsa za zizindikiro zake, pakuti mmisiri ameneyu amalankhula mokuluwika ngati nkhalamba ya pabwalo. Kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanja kwaima mlongoti wautali wopanda nthambi, ndipo pamwamba pake pagonekedwa gudumu la ngolo. Kansanza kakulendewera, khwangwala wateranso pomwepo. Anthu a m'masiku a Bruegel sanafune wowamasulira. Munthu woweruzidwa kuti afe ankamthyola mafupa, nammangirira pagudumu lotere, nalikweza pamlongoti kuti mbalame zitsirize ntchito. Magudumu ena ndi mitengo yopachikirapo anthu zaima apo ndi apo pachitundapo, monga zinkaimira kunja kwa mizinda ya kwawo. Pafupi ndi tsinde la mlongotiwo pagona chigaza cha kavalo, kutikumbutsa tanthauzo la dzina lakuti Gologota. Tsono yerekezani malire awiri a thabwalo: kumanzere mtengo wamoyo wa masamba, kumanja mtengo wouma umene chipatso chake ndi gudumu. Pa ulendo womwewu, monga timva pa Luka 23:31, Ambuye anatembenukira akazi olira nawafanizira za mtengo wauwisi ndi mtengo wouma. Ife tikhulupirira kuti vesi limeneli linali mumtima mwa mmisiri pamene anaimika mitengo iwiriyo ngati mphuthu za chitseko.

Ku Gologota kwenikweniko anthu afika kale, ndipo apanga bwalo lozungulira monga achitira anthu pagule. Anafulumira kuti apeze malo abwino oonera. Mitanda iwiri yaimikidwa, ndipo pakati pake munthu wawerama, akukumba dzenje la wachitatu.

Chizindikiro chimene chavutitsa akatswiri koposa ndi chigayo. Pamwamba penipeni pa thanthwe lija, losongoka ngati dzino, pakhala chigayo choyendera mphepo, cha mapiko anayi. Mayi aliyense wa ku Domasi aona msanga chimene ophunzira ena amachedwa kuchiona: ndani angasenze thumba la chimanga kukwera nalo pamenepo? Mwini chigayo chotere akanagona ndi njala. Pamenepa tipezapo lamulo lothandiza powerenga zithunzi zakale. Chinthu chikakhala pamalo ake a masiku onse, monga galu panjira kapena mwana pachithaphwi, mwina ndi galu chabe ndi mwana chabe, ndipo si bwino kumfinya kuti atulutse chiphunzitso. Koma mmisiri akaika chinthu pamalo pamene sichingakhale, ndiye kuti akutikodola. Nanga akutiuza chiyani? Ena amati mapiko anayiwo ndi mtanda wina, woimikidwa pamwamba pa dziko lonse. Ena amakumbukira kuti chigayo chimaphwanya tirigu kuti pakhale mkate, nalumikiza ichi ndi Mgonero wa Ambuye ndi fanizo la mbewu ya tirigu la pa Yohane 12:24. Enanso amati zigayo za mtundu umenewu ankazitembenuza kuti ziyang'ane kulikonse kumene mphepo ikuchokera, motero ndi chithunzi cha khamu limene linafuula zomtamanda tsiku lina ndi zompachika tsiku linzake. Mu 2011 Lech Majewski wa ku Poland anapanga filimu yotchedwa The Mill and the Cross kuchokera pa chithunzi chomwechi, ndipo iye anayesa mwini chigayo ngati Mulungu woyang'ana pansi ali chete. Kumeneko ndi kumasulira kwa mwini filimu, ndipo ife sititsatako. Chimene maso athu angachitire umboni ndi ichi: mzinda ndi wozungulira, bwalo la ku Gologota ndi lozungulira, gudumu ndi lozungulira, khamu likuyenda mokhota ngati likuzungulira thanthwe, ndipo mapiko a chigayo nawo ntchito yawo ndi kuzungulira. Dziko lonse la m'chithunzimu likuyenda ngati mphero, kupera anthu lero monga linapera dzulo, osadziwa kuti mbewu imene yalowa m'mphero tsiku limeneli si yofanana ndi zina.

Chakumunsi, kumanzere kwa mtanda, kuli chipolowe chimene chakopa maso a anthu ambiri kuposa Ambuye amene. Asilikali agwira Simoni wa ku Kurene kuti akathandize kusenza mtanda, koma mkazi wake wamkakamira, akumkokera kumbuyo, ndipo msilikali wamlozetsa mkondo. Malembo satchula mkazi ameneyu. Ndi wa Bruegel. Yang'anitsitsani m'chiuno mwake: mukulendewera kolona, ya kamtanda kumapeto. Kolona pa tsiku limene Yesu asanapachikidwe n'komwe! Uku si kuiwala kwa mmisiri. Mkaziyo wavala mtanda wa mikanda, koma mtanda wa mtengo akuukana ndi mphamvu zake zonse. Ife a Chipresibiteriyani tisafulumire kusekerera abale athu a Chikatolika pa ichi, pakuti Bruegel anajambula chizindikiro cha kupembedza chimene chinali chodziwika kwawo. Akanakhala wa m'chigwa muno, mayiyo akanavala bulauzi yoyera ndi duku la Mvano, ndipo mwamuna wake akanakhala ndi buku la nyimbo m'thumba la jekete. Komanso tisamuweruze mopanda chifundo mayi ameneyu. Asilikali akagwira mwamuna wako pamsewu, sudziwa ngati adzabwera. Mantha ake ndi a munthu aliyense wokonda banja lake. Apa mpamene chithunzichi chimaluma: wokana mtanda si munthu woipa woposa ife, ndipo chifukwa chake ndi chomveka.

Patsogolo pa Ambuye, achifwamba awiri aja akwezedwa pangolo imene ikuoloka kamtsinje, nkhope zawo zili mbuu, ndipo pambali pawo pakhala ansembe owalapitsa, monga zinkachitikira popita kukanyonga munthu ku Brussels. Achipembedzo atanganidwa ndi ntchito yawo, ndipo Mwini chipembedzo wagwa kumbuyo kwawo.

Nanga okwera pa akavalo a malaya ofiira, amene amwazika m'chithunzi chonse ngati madontho a mwazi, ndani? Asilikali a Chiroma sankavala motero. Zovala za anthu onse a m'khamuli ndi za m'masiku a mmisiri, ndipo masikuwo anali oopsa. Dziko lakwawo linali pansi pa Mfumu Philip II ya ku Spain kuyambira 1555, ndipo atate wake, Charles V, anali atakhwimitsa malamulo mu 1550 kuti wopezeka ndi mabuku a Luther kapena a Calvin, kapena wosonkhana m'nyumba kukambirana Malembo, aphedwe. Pa 1 Julayi 1523, Hendrik Voes ndi Jan van Essen anatenthedwa pabwalo la msika ku Brussels chifukwa chotsata chiphunzitso cha Luther. Mu 1536 William Tyndale, womasulira Baibulo m'Chingerezi, anapotoledwa khosi natenthedwa ku Vilvoorde, pafupi ndi mzinda womwewo. Guido de Brès, amene mu 1561 analemba Chivomerezo cha Belgic, chimodzi cha zivomerezo za mpingo umene unatuma amishoni ku Mvera mu 1889, ananyongedwa ku Valenciennes mu 1567. Bruegel anasamukira ku Brussels mu 1563, motero kuperekeza munthu kokaphedwa chinali chinthu chimene anthu a mumzinda wake ankachidziwa bwino.

Koma pano tichenjere pawiri. Mabuku ena amati a malaya ofiirawo ndi ankhondo a Duke wa ku Alba. Izi sizingatheke, chifukwa Alba anafika m'dzikomo mu 1567, patapita zaka zitatu chithunzi chitauma. Ndiponso tisamlembe Bruegel m'kaundula wa mpingo wathu. Anaikidwa m'manda m'tchalitchi cha Chikatolika ku Brussels, ndipo Kadinala Granvelle, nduna yaikulu ya mfumu, anali mmodzi wa osunga zithunzi zake. Mmisiriyu sakuloza chala mpingo uwu kapena uwo. Akuonetsa mmene tsiku lopha munthu limaonekera kwa anthu wamba: ena amalira, ena amagulitsa malonda, ambiri amangopita kukaona.

Akuluakulu amene mukuwerenga, malaya ofiira simukuwaona koyamba. Mukukumbukira anyamata a Youth League amene ankaima pazipata za misika ndi pokwerera basi kufunsa makadi a chipani. Mukukumbukira kuti a Mboni za Yehova analetsedwa m'dziko muno mu 1967, kuti mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri namenyedwa, ndipo zikwi za anthu zinathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Chiphunzitso chawo sitigwirizana nacho, koma anali anansi, otunga madzi pachitsime chimodzi ndi ena onse. Mukukumbukiranso kuti ndende ya Mikuyu, kumene anthu ankasungidwa zaka popanda mlandu kuzengedwa, ndi ya m'boma lathu lomwe lino la Zomba. M'masiku amenewo anthu ambiri, Akhristu omwe, ankapitiriza ulendo wa kumsika maso ali pansi, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka ngati cha mkazi wa Simoni. Bruegel sanadziwe Malawi, ndipo si bwino kunena kuti analosera za ife. Koma chithunzi chabwino chili ngati mwambi: chinapangidwira mlandu wina, koma chimakwana pa mlandu wathu. Inunso achinyamata musayese kuti nkhaniyi ndi ya agogo okha. Wakuba akagwidwa pamsika, kapena minibasi ikagubuduzika pamsewu, bwalo lozungulira lija limapangika msanga, ndipo manja ambiri amene akanatha kuleretsa kapena kunyamula wovulala amakhala atakweza mafoni.

Pali kagulu kamodzi kokha kamene mtima wake ukugwirizana ndi thambo. Patsogolo, kudzanja lamanja, pamwamba pa kathanthwe, Mariya amake wa Yesu walefuka, Yohane wamgwiriziza, ndipo akazi ena akulira pambali pawo. Anthu amenewa ndi akuluakulu kuposa onse, aatali, ovala nsalu zazitali zopindikapindika, osafanana konse ndi alimi ojintcha a m'khamu muja. Bruegel anawajambula monga ankajambulira amisiri akale, makamaka Rogier van der Weyden, mmisiri wa mzinda wa Brussels amene anamwalira mu 1464, zaka 100 chithunzichi chisanajambulidwe. Zili ngati mlaliki amene, pofika pa mawu olemera, asiya chilankhulo cha pamsika natenga cha Baibulo lakale. Ndipo taonani, iwo sakuyang'ana ku mtanda. Aufulatira, pakuti akudziwa kale. Ife amene timapita kumaliro tikudziwa kusiyana kumeneku. M'nyumba ya siwa amayi akulira, pamene panja pansi pa mtengo abambo akukambirana za mtengo wa feteleza. Onsewo abwera pamaliro amodzi.

Tikudziwa kuti mkulu wa mpingo wina wafunsa kale mumtima mwake: kodi lamulo lachiwiri, la pa Eksodo 20:4-5, silitiletsa zinthu zotere? Funsoli ndi loyenera, ndipo makolo athu m'chikhulupiriro sanaliyankhe mofanana. John Calvin, amene anamwalira pa 27 Meyi 1564, chaka chomwecho cha chithunzi chathu, anaphunzitsa kuti kusema ndi kujambula ndi mphatso za Mulungu, koma kuti zijambulidwe zokhazo zimene maso angathe kuona, ndipo ulemerero wa Mulungu wosaoneka usayerekezedwe ndi utoto. Katekisma wa Heidelberg wa 1563 anakana kuti zithunzi zikhale m'tchalitchi ngati mabuku a anthu osaphunzira, pakuti Mulungu afuna kuphunzitsa anthu ake ndi kulalika kwa Mawu. Katekisma Wamkulu wa Westminster, amene Mpingo wa ku Scotland unamlandira mu 1648, anapitirira apo, naletsa chifanizo cha aliyense wa Atatu a mu Umulungu. Ndipo Mkhristu amene chikumbumtima chake chaima pamenepo sitimkakamiza. Mu Ogasiti 1566 makamu a anthu analowa m'matchalitchi a dziko la Bruegel naphwanya mafano ndi zithunzi, ndipo tchalitchi chachikulu cha ku Antwerp anachilowa pa 20 mwezi womwewo. Thabwa lathuli silinali m'tchalitchi. Linali la munthu wamalonda, Nicolaes Jonghelinck, amene m'chaka chimenecho anali ndi zithunzi 16 za Bruegel. Linapangidwira khoma la m'nyumba, kuti alendo aime, aloze ndi kukambirana. Kunena zoona, ndi chithunzi chovuta kuchigwadira, pakuti wofuna kugwada ayenera kuyamba wasakasaka, ndipo pomwe apeze chimene akufuna, adzakhala atadzipeza yekha m'khamumo. Ife tachiona chikutumiza anthu ku Luka 23, osati kuwachotsako.

Kuveka nkhani ya m'Baibulo zovala za kwanu si mwambo wa ku Ulaya kokha. Pafupi ndi Bulawayo, ku Zimbabwe, kuli sukulu ya Cyrene Mission, imene Canon Edward Paterson wa mpingo wa Anglican anaitsegula mu 1940, naitcha dzina la kwawo kwa Simoni, pakuti Kurene unali mzinda wa mu Africa, m'dziko limene lero ndi Libya. Ophunzira a kumeneko anadzaza makoma a kachisi wawo ndi nkhani za m'Malembo, anthu ake akuda, pakati pa miyala ndi mitengo ya dziko lawo. Kuno kwathu, ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, kumene osema ndi ojambula achita zofanana ndi zimenezi. M'chigwa chathu chino, chimene chili ndi koleji yophunzitsa aphunzitsi ndi likulu lokonza maphunziro a m'sukulu za dziko lonse, anyamata ndi atsikana odziwa kugwira pensulo sasowa. Zojambula zake zilipo kale: msewu wochokera ku Songani, a kabaza, amayi otsika ndi nkhuni m'phiri, matumba a mpunga wa ku Chilwa, ndi mtambo uja wa pa Malosa. Chovuta chidzakhala kulimba mtima kosakuza munthu wapakatiyo, ndi kusankha amene adzavale malaya ofiira.

Musanatseke chithunzicho, bwererani ku mlongoti wa gudumu uja. Patsinde pake, m'mphepete mwenimweni mwa thabwa, paima munthu wa ndevu, wodekha, akuyang'ana kumene kuli mtanda. Akatswiri ena amati ameneyu ndi Bruegel mwini wake. Ngati ndi iyedi, ndiye kuti sanadziike pamodzi ndi Yohane ndi Mariya, kapena pamodzi ndi okwera pa akavalo, koma pansi pa mtengo wouma, pakati pa oonerera. Anamwalira pa 9 Seputembala 1569, ana ake aamuna awiri akali aang'ono, ankhondo a Alba ali m'dzikomo. Karel van Mander, amene analemba mbiri ya amisiri a dzikolo mu 1604, amasimba kuti ali pafupi kufa, Bruegel anauza mkazi wake Mayken kuti atenthe zojambula zake zina za papepala, chifukwa zinali zoluma kwambiri, ndipo ankaopa kuti zingamuike mayiyo m'mavuto. Thabwa ili silinatenthedwe. Linalowa m'chuma cha banja la Habsburg, banja lomwelo la Mfumu Philip, ndipo ndi mwa njira imeneyo linafika ku Vienna kumene lili lero.